Giredi 7 imene inatseka khomo la yunivesite

Tsiku limene bungwe la MANEB linatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, mlongo wanga anandiimbira foni mawu akunjenjemera ndi chimwemwe, kundiuza kuti mwana wake wakhoza, ndipo chapatali ndinkamva nthungululu za amayi oyandikana nawo nyumba. Patapita masabata angapo mnyamatayo anabwera kwathu ndi pepala la magiredi ake atalipinda kanayi m'thumba la malaya. Anaditambasulira patebulo nkunena motsitsa mawu kuti, "Amalume, onani pa Chingerezi." Masamu anapeza 3, Ulimi 2, Chichewa 3, koma pa Chingerezi panali 7.

Makolo ambiri, makamaka amene sanapite patali ndi sukulu, samauzidwa momveka bwino kuti kukhoza mayeso a Fomu 4 ndi kuyenerera kulowa yunivesite ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi distinction, kuyambira 3 kufika 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, pamene 9 ndi kulephera. Mwana akhoza kulandira satifiketi ali ndi pass pa Chingerezi, koma kuti dzina lake liganiziridwe pa chisankho cha mayunivesite aboma chimene chimayendetsedwa ndi bungwe la NCHE, ayenera kukhala ndi ma credit m'maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa maphunzirowo liyenera kukhala Chingerezi. Akaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino kwambiri amapeza mapointi ake, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza bwino. Palibe amene angatsike kupyola 6.

Ngakhale ma credit atakwana, mpikisano umakhalabe waukulu, chifukwa malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ana oyenerera. Ndondomeko ya quota, yosankha ophunzira potengera boma limene akuchokera, inathetsedwa mu 2020, koma kutha kwake sikunawonjezere zipinda zophunzirira.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chakuti tsogolo la mwana limayamba kupangidwa kale kwambiri iye asanadziwe n'komwe. Zotsatira za PSLCE mu Sitandade 8 ndizo zimamutumiza kusukulu yogonera komweko kapena kusukulu yoyendera ya m'dera, ya CDSS, ndipo sukulu ziwirizi sizifanana pa nkhani ya mabuku, aphunzitsi ndi malabotale. Akadutsa JCE mu Fomu 2, mayeso amene anaimitsidwa kwa zaka zingapo asanabwezeretsedwe mu 2021, amafika mu Fomu 3, kumene amasankha maphunziro oti apitirize. Mwana amene wasiya Physics kapena Chemistry chifukwa choti pasukulu pake palibe mphunzitsi wa phunzirolo, kapena chifukwa choti anzake amuopseza kuti ndi lovuta, amakhala atadzitsekera yekha njira ya udokotala ndi uinjiniya ali ndi zaka pafupifupi 16, popanda wina womufotokozera tanthauzo la chimene wachita. Mwana wa mlongo wanga ankaika mtima wake wonse pa masamu ndi sayansi, Chingerezi ankangochiona ngati phunziro lowonjezera, ndipo pa zaka zinayi zonse panalibe amene anamukhazika pansi kumuuza kuti phunziro limenelo ndilo lagwira kiyi. Inenso, monga malume wake, ndinkangofunsa za fizi ndi yunifomu, osafunsa za magiredi a phunziro lililonse.

Sindikunena kuti yunivesite ndiyo njira yokhayo. Pali makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, pali sukulu zauphunzitsi, ndipo ena amayamba ndi dipuloma nkudzalowa yunivesite atakula kale. Komabe ndimakhulupirira kuti mwana ayenera kusankha njira zimenezi chifukwa chozikonda, osati chifukwa chakuti anadziwa malamulo a chisankho mayeso atadutsa kale.

Tinakhala pansi ndi mayi ake ndipo tinagwirizana zoti alembenso mayeso. Panopa amapita kusukulu ya open masana ena akaweruka, ndipo madzulo a Loweruka lililonse amabwera kwathu ndi kope lake, ndimamupatsa mutu wa chimangirizo, amalemba masamba awiri, kenako timawerengera limodzi chiganizo ndi chiganizo.