Sabata yonse pa saiti ya sola, waya osaugwira

Anthu akamva kuti ndili pa saiti ya sola amafunsa kuti kodi unalowa liti zamagetsi, si iwe unkaphunzira za misewu ndi milatho ku UNZA? Ndimangoseka. Sabata yathayi zanga zinali dothi, miyala ndi madzi basi.

Lolemba tinayamba kukhoma zitsulo zimene mapanelo amakhalapo. Pali makina ozikhomera pansi ngati misomali, phokoso lake umalimvabe m'makutu uli pabedi. Mizere iwiri yoyamba zinalowa bwinobwino, kufika wachitatu chitsulo changolowa pang'ono n'kukana, makina akumenya icho chili nji, mutu n'kuyamba kupindika. Wodziwa nthaka ya Lusaka sangadabwe, pansi pano pali thanthwe la laimu lija azimayi amaswa n'kumagulitsa milumilu m'mbali mwa msewu, ndipo silinagone mofanana ayi, apa lili pafupi, ukasuntha mapazi asanu ndi dothi lokhalokha, penanso mphako yoti madzi anadya kalekale.

Akapitawo athu, mdala woti anagwirako pomanga damu la magetsi la Kafue Gorge Lower, anandikokera pambali. Amvekere "Amayi, tingodula pamwambapa zifanane ndi zinzake, aone ndani?" Ndinati ayi bambo, mphepo ya mu Ogasiti ndi imene idzaone. Mapanelo akayalidwa amakhala ngati denga la malata, kulemera kwake si nkhani kwenikweni, choopsa ndi mphepo ikalowa kunsi n'kuyamba kunyamula. Chitsulo chosalowa mokwanira chimazuka ngati chinangwa. Anapukusa mutu koma anamva.

Ndiye Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kuboola thanthwelo, kuika chitsulo, kuthira konkire. Zimene zinalowa m'dothi tinasankhapo zingapo n'kuziyesa pull-out test, umamangirira jeke n'kumakoka pang'onopang'ono uku maso ali pa geji kuona kuti chasuntha mamilimita angati. Ntchito yotopetsa, dzuwa lili pamutu, mthunzi kulibe poti mitengo tinachotsa tokha.

Lachinayi ndiye ndinakangana ndi abwana a kuofesi pa nkhani ya ngalande. Iwo akuti mwakokomeza, chepetsani tisunge ndalama. Sawaona malowa mu Januwale. Mvula ikagwa pa mapanelo madzi onse amatsikira mbali imodzi n'kumadontha pamzere umodzi ngati pakhonde, ndipo pamalo poti udzu unapalidwa sipachedwa kuchita chigwembe, chimadya msewu wa m'katimo mpaka kufukula mapaipi a mawaya. Ndinawatumizira zithunzi pa WhatsApp za saiti ina imene ndinagwirako, osalemba mawu alionse. Madzulo anayankha kuti chabwino, zisiyeni momwemo.

Lachisanu zotsatira za makyubu a masiku 7, tizidutswa ta konkire timene amayesera kulimba kwake, zinabwera, konkire ya pokhala thiransifoma yafooka. Mchenga umene anatibweretsera unali ndi matope, ndipo ine ndinasaina osaufinya m'manja, apa sindinamizira munthu. Tikudikira za masiku 28 koma mtima ukundiuza kuti tiphwanya.

Loweruka mwana wa achemwali anga, ali chaka chachinayi cha civil engineering ku Copperbelt University (CBU), anandiimbira. "Anti, anzanga akuti za sola n'za amagetsi, ife tingodikira misewu, n'zoona?" Ndinamuuza kuti akumbuke 2024. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi, chilala chitavuta Kariba inatsika mpaka m'makomboni malaiti kumabwera maola atatu okha, ena usiku anthu atagona. Kuyambira pamenepo aliyense akufuna sola, migodi, mafamu, ZESCO yomwe. Saiti za sola za Bangweulu ya mamegawati (MW) 54 ndi Ngonye ya 34 MW zili konkuno ku malo a mafakitale a Lusaka South MFEZ kuyambira 2019, ya ku Chisamba ya 100 MW inatsegulidwa mu 2025. Malo onsewo munthu anayeza nthaka, anasalaza, anakonza msewu woti malole a makontena adutse, anamanga maziko a substation, amagetsi asanafike n'komwe. Za madamu ndiye osanena, Kafue Gorge Lower ya 750 MW ija mbali yaikulu ndi konkire ndi ngalande yoboola m'phiri.

Koma sindinamubisire. Ntchito za sola sizikhalitsa, gawo lathu limatha miyezi ingapo kontirakiti n'kutha, uyambenso kuponya ma CV, ndipo ukhale wokonzeka kugona mu kontena kutali ndi tauni. Ndinamuuza alembetse ku EIZ, bungwe la mainjiniya, akadali pasukulu pomwepo, alimbikire za nthaka ndi za kuyenda kwa madzi, maphunziro aja ambiri tinkangofuna kukhoza tithane nawo, adziwenso kugwira GPS ya saveya ndi pulogalamu ya pakompyuta ya Civil 3D. Wodziwa kuwerenga lipoti la nthaka n'kuuza kontirakita kuti apa boola apa khoma, ameneyo foni yake siikhala chete.

Anafunsa ngati angabwere pa attachment holide ikubwerayi. Ndamuuza agule safety boots kaye, za ku msika wa Soweto zomwe zija zikwana, ndikalankhula ndi abwana Lolemba tikamaliza kuboola mzere wachisanu.