Polowera madzi ndapapeza, koma balsa yapita

Anzanga a maboti, polowera madzi m'boti langa paja ndapapeza tsopano. Si pa windo ayi, ndi pa chainplate ya kumanja, chitsulo chomwe pamamangidwa waya wogwira mlongoti, pomwe chimaboola deki kutsikira pa bulkhead (chipupa cha mkati mwa boti). Madzi amalowa pamenepo nkumayenda mkati mwa balsa (mtengo wopepuka uli pakati pa makungu awiri a faiba a deki) kulowera kumbuyo pafupifupi mamita awiri, nkudzatulukira pa bawuti la handrail pamwamba pa sitovu. Dzinja lonse lapitali podontha pamaoneka pa sitovupo basi, pa chainplate pali gwaa pouma.

Botili ndi la faiba la m'ma 1970, mafiti 26, panopa lili pa tirela ku Senga Bay. Chandidyera masiku ndi kuyesa ndi paipi ya madzi. Umayenera kuyambira pansi kumakwera pang'onopang'ono, toerail (kamkombero ka m'mphepete mwa deki) kaye, kenako ma stanchion (timizati totchinga m'mbali mwa deki), mawindo, mlongoti kumapeto, ndipo paliponse uyimepo nthawi yaitali ndithu chifukwa madzi oyenda mkati mwa deki sathamanga, ukasuntha msanga dontho limatuluka iwe uli kale pena ndiye umanamizira malo osalakwa. Mphwanga anali mkati ndi tochi, tinachotsa siling'i yonse nkujambula mizere ya choko kunsi kwa deki kuti pomwe madzi adutsa mzere ufufutike. Kwatenthatu mkatimo, mwanayu wapirira zedi.

Nditapapeza ndinatenga hamala ya pulasitiki nkumagogoda deki yonse. Pabwino pamalira kuti ngwee, powola pamangoti phu phu, khutu limamva lokha. Ndazunguliza ndi pensulo ndipo dera lake ndi lalikulu kuposa mmene ndimafunira, kuchoka pa chainplate mpaka pa stanchion yachitatu. Mita yoyezera chinyontho ndinabwereka koma pafupi ndi chitsulo imangokwera ngakhale pouma, ndiye ndinadalira dirilo, timabowo ta mamilimita 6 kuboola khungu lapamwamba lokha. Kutsogolo kunatuluka utuchi woyera wouma, mtima pansi. Pafupi ndi chainplate kunatuluka zakuda zonyowa ngati matope a kudambo, fungo lake losaneneka, ukafinya ndi chala madzi kumatuluka.

Chikundipweteka mtima nchoti amene anali nalo kale botili ankangopaka silikoni pamwamba pa silikoni chaka ndi chaka. Silikoni sagwira pamalo ogwedezeka chonchi, ndipo amasiya mafuta oti china chilichonse ukapakapo sichimata mpaka upale kufika pa gelcoat (chokutira chosalala cha pamwamba pa faiba) yoyera. Komanso kuno madzi athu ndi opanda mchere, a mvula ndi a m'nyanja omwe, ndipo ndi amene amawoletsa mtengo msanga.

Nkhawa yanga yeniyeni si deki koma chainplate yo. Stainless ikakhala pa chinyontho popanda mpweya imadyeka mobisa, pamwamba ikuwala koma pakati pomwe yabisika mu deki ili ndi timing'alu. Yanga ndaizula ndipo ili ndi mizere ya dzimbiri pomwepo. Amene mudakumanapo ndi mwera wa mu July pakati pa nyanja mukudziwa kuti imeneyi ikaduka mlongoti umagwa nthawi yomweyo. Ndisulitsa ma chainplate onse atsopano a stainless ya mtundu wa 316, ndipo bulkhead nayonso ndiyenera kuifufuza kumunsi kwake ngati sinafewe.

Za epoxy, guluu womatira faiba, ndiye nkhani ina. Ma hadiweya ambiri kuno amagulitsa polyester yokonzera magalimoto, yotchipa inde koma pa faiba yakale siigwira ngati epoxy. Ine ndimaitanitsa epoxy ya West System ku Joni kudzera kwa achimwene ena a thiraki, 105 (epoxy yakeyo) ndi choumitsira cha 209 chochedwa kuuma chija, poti kutentha kwa ku Salima mu October 205 yofulumira ija imakuumira mu kapu usanamalize nkusakaniza komwe. Ndi yomweyo ndinakonzera chiwongolero chija chinang'aluka, mpaka lero chili nganganga. Ulendo uno ndawonjezera 406 (ufa wolimbitsira epoxy) ndi butyl tape (tepi yofewa yotsekera madzi).

Pulani ndi yodula khungu lapamwamba ndi girayinda, kukokolola zowola zonse, kusiya dzuwa liumitse, kenako kuyika zatsopano nkulumikiza m'mbali mopendeketsa 12 kwa 1 (popendekapo kutalika ka 12 kuchindikala kwa khungulo). Pozungulira chainplate sindibwezerapo mtengo, pakhala faiba yokhayokha. Bowo lililonse la bawuti ndiliboola mokulitsa, kudzaza epoxy yolimbitsa nkuboolanso, kuti madzi akadzalowa asakhudze za mkati. Ndikufuna ndizule chilichonse chili pa deki, mawinchi ndi mawindo omwe, zonse zithe mvula ya November isanayambe, chaka cha mawa mwera ukangozizira ulendo wa ku Likoma.

Pomwe ndaima ndi apa, balsa kuno sapezeka. Amene munagwiritsapo marine ply (pulaiwudi ya maboti) yodula timabokosi kapena foam m'malo mwa balsa pa deki, inakukhalirani bwanji pa dzuwa lathuli?