Piritsi n'lomwelo, koma m'magazi muli zosiyana

Mwa maphunziro onse a chaka chino, lomwe landikhala m'mutu ndi la pharmacokinetics. Timaphunzira momwe mankhwala amalowera m'magazi, momwe chiwindi chimawaphwanyira, ndi momwe impso zimawatulutsira. M'kalasi zimangooneka ngati masamu ndi magirafu. Ukayamba kuyenda m'mawodi ku Central kuno ku Lilongwe, girafu ija imasanduka munthu amene wagona pabedi.

Taonani efavirenz, yemwe anali mu ma ARV aja timati 5A. Wamkulu aliyense ankalandira mamiligalamu 600 usiku. Ena ankagona bwinobwino, ena ankadandaula za chizungulire ndi maloto oopsa. Sikuti ankangodandaula ayi. Mankhwalawa amaphwanyidwa ndi enzayimu (kanthu kam'thupi kogaya mankhwala) ya m'chiwindi yotchedwa CYP2B6, ndipo pali anthu amene mwachibadwa enzayimuyi imagwira ntchito pang'onopang'ono. Chibadwa chimenechi chimapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa kuno kuposa azungu. Mankhwala amaunjikana m'magazi mpaka kupitirira mamiligalamu 4 pa lita, pomwe mlingo wofunika ndi pakati pa 1 ndi 4. Pambuyo pake kafukufuku wa ENCORE1 anaonetsa kuti 400 amagwira ntchito mofanana ndi 600. Ine zimandiwawa ndikaganiza za anthu amene anasiya mankhwala n'kumanenedwa kuti ndi osamvera, chikhalirecho vuto linali m'chiwindi mwawo.

Dziko lathu linasamukira ku ARV wina wotchedwa dolutegravir mu 2019, koma nkhani siinathe. Wodwala akayamba mankhwala a TB, rifampicin, yemwe ali m'mankhwala a TB-wo, amafulumizitsa chiwindi, dolutegravir n'kumatha msanga. N'chifukwa chake amawonjezera piritsi lina la dolutegravir la mamiligalamu 50 pakatha maola 12.

Za LA nazo zinanditsegula maso. Lumefantrine, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Ndiye namwino akamati "Mayi, mwanayu mum'patse kaye phala lotsira nsinjiro kapena mum'yamwitse," akunena za sayansi yeniyeni. Ofufuza amayeza magazi pa tsiku la 7 chiyambireni kumwa LA, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera nthawi zambiri amapezeka ndi mlingo wotsika kusiyana ndi akuluakulu ena.

Chomwe aphunzitsi athu amabwereza mpaka kutopetsa ndi nthawi yotengera magazi. Gentamicin, jekeseni wopha mabakiteriya, akachuluka amawononga impso ndi makutu, choncho magazi amatengedwa jekeseni wotsatira atatsala pang'ono kubayidwa, pamene mankhwala atsika kwambiri. Ukatenga ola limodzi chibayireni, nambala imatuluka yokwera, dokotala n'kuchepetsa mlingo womwe unali bwinobwino. Makina a mu labotale salakwa pamenepo, amangoyeza zomwe zili m'kabotolo. Kwa khanda lobadwa masiku osakwana, impso zimakhala zisanakhwime, ndiye mpata wa pakati pa majekeseni umatalikitsidwa. Kwa agogo amene impso zafooka n'chimodzimodzi.

Zipangizo zoyezera mlingo wa mankhwala, monga HPLC, n'zodula, ndipo si wodwala aliyense angayezedwe. Chomwe tili nacho pafupi ndi sikelo, zotsatira za creatinine (zoonetsa momwe impso zikugwirira ntchito), buku la kuchipatala, ndi kufunsa bwino: "Bambo, piritsi lomaliza munamwa nthawi yanji? Pali mankhwala ena omwe mukumwa, ngakhale azitsamba?" Sabata yamawa tiyamba kuwerengera mlingo wa ana opereweredwa zakudya, omwe kulemera kwa pasikelo kumanamiza akatupa.