Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Piramidi ya Mapesi

Gawo lino lili pa zaka zanga zophunzitsa masamu ku Santhe, kuno ku Kasungu, makamaka phunziro la piramidi yomwe tsinde lake ndi thirayango. Pa bolodi pokha sililowa m'mutu, ana ayigwire ndi manja.

Anthu akakolola, mapesi amangoti mbwee. Dulani timapesi 6 ta masentimita 10, muumbenso timipira 4 ta dongo lofewa (louma limang'aluka). Timapesi titatu tigone pansi n'kupanga thirayango, totsalato tiime n'kukumana pamwamba, timipira tija tilumikize pomwe timapesi takumana. Ana awerenge okha: nkhope 4, mizere ya m'mphepete 6, nsonga 4. Nsonga kuchotsa mizere kuphatikiza nkhope, 4 − 6 + 4, yankho ndi 2. Limeneli ndi lamulo la katswiri wa masamu wotchedwa Euler.

Ya katoni ndi yosavuta. Jambulani thirayango ya mbali zofanana, iliyonse masentimita 20, chongani pakati pa mbali iliyonse, lumikizani madontho atatuwo, pindani m'mizeremo. Musaiwale kusiya timakutu topakapo guluu.

Pomwe ana ambiri amagwa, ngakhale a Fomu 4 oyembekezera mayeso a MSCE, ndi pa kutalika. Kulipo kuwiri. Kwina n'kotsetsereka, kochoka pansonga kutsata nkhope mpaka pakati pa mzere wa pansi, ndipo pa piramidi yathuyi ndi masentimita 8.66. Timagwiritsa ntchito kumeneku pofuna kukula kwa nkhope: theka la 10 × 8.66 ndi 43.3 cm², nkhope zonse zinayi 173.2 cm². Kwinako n'koongoka, kochoka pansonga kutsika chilili mpaka pakatikati pa tsinde, masentimita 8.16. Voliyumu, kukula kwa malo a m'kati mwa piramidi, imafuna kumeneku: 43.3 × 8.16, kugawa ndi 3, pafupifupi 118 cm³. Wotenga 8.66 amapeza 125, malikisi n'kupita. Amalakwa chifukwa rula imagona bwino pa nkhope, pomwe mzere woongokawo uli m'kati, suoneka. Pa ya mapesi ija mangirirani ulusi pansonga, kamwala kunsi kwake, ana auone ukulendewera.

Nanga 3 wogawirayo wachokera kuti? Pangani pirizimu ya katoni (kabokosi koongoka komwe pansi ndi pamwamba pake ndi thirayango zofanana) yokhala ndi tsinde ndi kutalika kofanana ndi piramidiyo. Tsegulani tsinde la piramidi, dzazani mchenga, khuthulirani mu pirizimu. Imadzaza pa ulendo wachitatu. Mchengawo ukhale wouma ndi wosefa, chifukwa wonyowa umamatirira kunsonga ndipo pirizimu siidzaza.