Kuthokoza Amene Anatithandiza Kulemba Mbiri ya Nyumba ya Masongola

Tikuthokoza anthu a ku Zomba amene anatithandiza pamene tinkalemba mbiri ya nyumba ya Masongola, yomwe John Buchanan, mlimi wochokera ku Scotland, anamanga m'zaka za m'ma 1880, ndipo Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anakhalamo atafika mu 1891, isanasanduke malo ogona alendo a boma, kenako hotela.

Mwapadera tikuthokoza agogo ena amene kale ankaphika m'nyumbayi. Iwo anayenda nafe chipinda ndi chipinda, ndodo ili m'manja, akutilozera njerwa zakale ndi pomwe pankakhala mafuwa, zinthu zomwe mapepala a boma sanena.

Zikomonso kwa ogwira ntchito kosungira zolemba zakale za boma (National Archives), amene anatifufuzira mafayilo mosanyinyirika, komanso kwa kalipentala amene anakwera kudenga kukatiyezera mitanda, koma anakana kulandira ngakhale ya sopo.