Chigamba cha njira yanga ya mkodzo chinachokera m'tsaya

Mu 2021 ndinagwa pa sikafodi (zitsulo zokwerapo pomanga nyumba) ku Midrand, ku South Africa, chitsulo n'kundipeza pakati pa miyendo. Ululu utatha ndinaiwalako. Patapita chaka mkodzo unayamba kutuluka ngati ulusi, mpaka usiku wina unakaniratu. Anzanga a kuno ku Mayfair, mu Johannesburg, anathamangira nane kuchipatala, komwe anandiboola pansi pa mchombo n'kuika paipi yolowa m'chikhodzodzo.

Pa chithunzi, adokotala anandionetsa chipsera chomwe chinafinya njirayo masentimita 4. Chikanakhala chachifupi, chosapitirira 2, akanangodula pofinyikapo n'kulumikiza. Kukulitsa njira ndi tizitsulo kapena kucheka mkati kumapepuza kwa kanthawi, koma chipsera chachitali chonchi chimabwereranso. Panafunika chigamba.

Apa ndi pomwe tinakhalitsa. Kale ankakonda khungu la kunsonga kwa chida cha abambo, poti ndi lopyapyala komanso lopanda tsitsi. Ine ndinavinidwa jando ku Mangochi ndili mnyamata, khungulo kulibe. La thumba la machende limamera tsitsi mkati mwa njira, ndipo pa tsitsipo pamaundana timiyala. Ena amatenga kuseri kwa khutu. Koma kuyambira m'ma 1990 ambiri amasenda kanyama ka mkati mwa tsaya, kapena kunsi kwa lilime, chifukwa kanazolowera kunyowa, kalibe tsitsi, ndipo kamagwira msanga. Amene ali ndi matenda a khungu otchedwa lichen sclerosus sawatengera khungu la kumaliseche n'komwe, poti matendawo amalowanso m'chigambacho. Anandifunsanso za fodya, chifukwa amawononga m'kamwa ndipo bala limachedwa kupola. Mwamwayi sindisuta.

Atandipanga opaleshoni, chimene sindinkayembekezera n'chakuti tsaya lomwe anasendamo chigamba linawawa kuposa kumusi. Masiku oyamba ndinkangomwa phala lozizira, kamwa osatseguka bwino. Mayi a kunyumba ankandiimbira kuchokera ku Mangochi kufunsa ngati ndayamba nsima. Paipi anaichotsa patatha milungu itatu, ndipo nditamva mkodzo ukuwomba m'chimbudzi misozi inalengeza.

Lachisanu lapitali titatuluka mu mzikiti, achimwene ena a ku Machinga anandikokera pambali. Chawo ndi chipsera cha chinzonono chakalekale, awakulitsa kale katatu, ndipo manyazi awatsekera pakamwa zaka zonsezi. Ndawauza kuti akafunse adokotala kutalika kwa chipseracho komanso za chigamba cha m'tsaya. Lolemba m'mawa tikwera limodzi takisi, ndiwaperekeze.