Tsiku Limene Mayo ndi Matradi Anagwirizana

Aphunzitsi athu a Chingerezi ku yunivesite anaika lamulo lakuti wolankhula Chichewa m'kalasi azilipira K200 pa chiganizo chilichonse. Kabuku ka chindapusa ndinkasunga ndine, class rep, ndipo sindinkamvera munthu chisoni. Ngakhale woyetsemula n'kunena kuti "pepani" ndinkamulemba.

Kalasi yathuyo inali yogawanika kale. Kutsogolo kunkakhala mayo, ana ochokera m'masukulu a pulaiveti amene analemba IGCSE, Chingerezi chawo chotulukira m'mphuno. Kumbuyo kunali ife matradi a ku CDSS, amene MSCE tinaikhoza ndi galamala yolowezera pa koloboyi.

Tsiku lina anatipatsa mtsutso: kodi ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, monga boma linalengezera mu 2014? Atatero anatuluka kukayankha foni, n'kundisiyira kalasi.

Poyamba zinkayenda bwino. Zinavuta pamene mtsikana wina wa kutsogolo anauza mnzathu wakumbuyo kuti Chingerezi chake chikununkha usipa. Mnzathuyo, m'Chingerezi cha m'buku chopanda banga, anamufunsa ngati agogo ake kumudzi amawapatsa moni kudzera mwa womasulira. Mipando inakhulukuta. Chibwenzi cha mtsikanayo chinaimirira, chikuvula wotchi.

Ndinathamangira pakati. Ndinayesa kuwaletsa m'Chingerezi, koma mawu onse anathawa, pakamwa panangotsala mpweya. Kenako ndinangomva ndikukalipa: "Iwe! Khala pansi! Kwanu simunalangizidwe? Makolo anu agulitsa mbuzi kuti mudzamenyane kuno?" Ndinapitiriza, mpaka miyambi ndinaponyamo.

Kalasi yonse inangoti zii. Ndinakonza kolala, ndikudziona ngati nyakwawa yoweruza mlandu wa malire a munda.

Mtsikana uja anakweza foni. Anali atajambula zonse. Mdani wake anatenga kabuku kanga, awiriwo n'kukhala pa desiki imodzi, mitu pamodzi, wina akubwezera mawu anga, wina akuwerenga ziganizo. Anangosiyana pang'ono pa "Iwe!", ngati nachonso n'chiganizo. Aphunzitsi atalowa anagamula kuti n'chiganizo ndithu, ndipo anayamikira kalasi chifukwa chogwirira ntchito limodzi.

Zinakwana K3,400. Ndinapempha kuti miyambi asaiwerengere poti si mawu anga, ndi a makolo. Pempholo ndinalinena m'Chichewa, ndiye anawonjezerapo K200.